Mayi wa pa kapepala: ndemanga pa nkhani za mavolontiya ndi amayi aluso la manja

Pali mtundu wina wa zolemba womwe suphunzitsidwa ku Mzuni kapena ku Chanco, ndipo sulowa m'mipikisano ya alembi. Komabe ndikukayika ngati pali ndakatulo yathu yomwe yafika kutali ngati komwe zolemba zimenezi zafika. Ndikunena nkhani zomwe zimalembedwa munthu akamakonzekera ulendo wodzathandiza amayi aluso la manja ngati volontiya. Zimayenda zitatu ngati mafuwa. Choyamba ndi kalata yopempha ndalama za ulendo, ija amaimwaza pa Facebook ndi pa Instagram. Chachiwiri ndi kabuku komwe bungwe limamutumizira kuti adziwe zonyamula ndi zoyembekezera. Chachitatu ndi kapepala kaja kamalendewera pa chikwama cha chitenje chikafika m'sitolo ku London kapena ku Oslo, kokhala ndi chithunzi cha mayi akumwetulira.

Ndawerenga zambiri za mtunduwu, ndipo lero ndikufuna kuziunika monga timaunikira buku lililonse: akulankhula ndani, akuchita zinthu ndani, nanga chasiyidwa n'chiyani?

Kale ulendowu unali wa njira imodzi. Ndege yatera ku Lilongwe, mlendo wakwera galimoto mu M1, wadutsa Kasungu, Jenda, Chikangawa, wafika kuno ku Mzuzu mu June nkhungu ili tolo, n'kudabwa kuti ku Africa kumazizira chonchi. Mawa lake uyo watsetserekera ku Nkhata Bay. A Peace Corps anayamba kubwera mu 1963, a ku Japan mu 1971. Koma masiku ano nafenso tikupita. African Union inakhazikitsa gulu lake la mavolontiya achinyamata mu 2010, ndipo CorpsAfrica imatumiza achinyamata a ku Africa konkuno kukakhala m'midzi. Anzathu omwe tinkadya nawo chipisi pa depoti akunyamula zikwama, ena kupita kumidzi ya kwathu konkuno, ena kunja. Chomwe chandidzutsa n'chakuti akayamba kulemba za ulendo wawo, amatenga kalembedwe komweko ka alendo aja, osasintha ndi kadontho komwe. Nde tiyeni tikaone bwinobwino kalembedweko tisanakatengere kwa eni ake ena.

Nkhani yake ndi imodzi, amangosintha mayina. Volontiya ali ndi dzina lonse, sukulu yomwe anaphunzira, mantha ake, maloto ake. Akutiuza za katemera yemwe wabayitsa, mankhwala a malungo, masiketi aatali omwe wagula poopa kulakwira chikhalidwe, ndi mtima wake womwe ukugunda. Pomaliza nkhaniyo iyeyu adzakhala atasintha, ndipo adzatiuza kuti waphunzira zambiri kuposa zomwe anaphunzitsa. Mayi uja ali ndi dzina loyamba lokha, ngati mwana wa sitandade 2, chonsecho kwathu kuno munthu wamkulu timati a NyaUje kapena amake uje. Kenako pamabwera chiwerengero cha ana ake, imfa ya mwamuna wake, ndi mtunda womwe amayenda kukatunga madzi. Basi, yatha mbiri ya munthu wa zaka makumi asanu.

Mukafuna kugwira wakuba m'nkhani, yang'anani aneni. Volontiya amaphunzitsa, amatukula, amalimbikitsa, amapatsa mphamvu, amatsegula maso. Mayi amaphunzitsidwa, amatukulidwa, amalandira, amathokoza, amamwetulira. Mawu akuti empower, omwe sasowa m'zolembazi, tikawatembenuza timati kupatsa mphamvu, ndipo Chichewa chimaulula chomwe Chingerezi chimabisa: wopatsa ndiye mwini chinthucho, wolandira analibe. Eti mayi yemwe walera ana asanu ndi singano analibe mphamvu mpaka mtsikana wa zaka 19 atatsika ndege?

Koma vuto lalikulu la zolembazi, kwa ine monga wowerenga, ndi chomwe mulibe. Mulibe ntchito. Nkhani ya amayi aluso ilibe luso.

Taganizani zomwe munthu angalembe atakhala tsiku limodzi pafupi ndi mayi woumba mbiya. Dothi satapa paliponse, pali malo ake, ndipo amalidziwa polifinya m'manja. Akabwera nalo amalinyowetsa, kulisinja, kuchotsamo timiyala, chifukwa kamwala kamodzi kamaswa mphika pamoto. Ena amasakanizamo mapale osinja kuti lilimbe. Amaumba popanda makina, kukweza khoma pang'onopang'ono, dzanja lina mkati lina kunja, n'kusalaza ndi chitsononkho kapena mwala. Sauyanika padzuwa lamphamvu, ungang'aluke, ndipo kuno kwathu komwe mvula imakakamira mpaka April kapena May, kudikira kuti uume ndi nkhani payokha. Tsiku lootcha amasanja nkhuni ndi makungwa, ndipo moto ukapsa mbali imodzi ntchito ya masabata yapita. Ukazizira amaugogoda ndi chala n'kumvetsera. Kulira kwa mphika kumamuuza ngati uli bwino kapena uli ndi mng'alu wobisika. M'menemu muli chiyembekezo, mantha, kulephera, nzeru zochokera kwa agogo, zonse zomwe mlembi amazisaka ndi nyali. Koma kapepala kaja kamangoti chinthuchi chapangidwa ndi chikondi. Chikondi chokha chinaotchapo mphika?

Chifukwa sayang'ana ntchito, olembawo saona ngakhale zinthu zoonekeratu. M'madera ambiri kwathu kuno kuumba ndi kwa amayi, koma malichero, madengu a nsungwi ndi mphasa za bango nthawi zambiri amaluka ndi abambo. Matelala omwe tinakula tikuwaona pakhonde la sitolo akupalasa Singer, ambiri anali abambonso. Ndiye gulu la amayi khumi ndi awiri osoka zikwama za laputopu silinatsike kumwamba ngati mwambo wa makolo. Ndi chinthu chatsopano, chobadwa chifukwa kunja kuli ogula omwe amafuna katundu wopepuka, wokwana mu sutikesi, wosasweka m'ndege. Palibe cholakwika pamenepo, bizinesi imatero. Koma nkhani yoona ikanatiuza kuti mayi ameneyu walowa ntchito yomwe inali ya abambo, wasiya mphika wolemera womwe mlendo sangaunyamule, ndipo akusoka chinthu chomwe iye mwini sachigwiritsa ntchito. Imeneyo nde nkhani yokoma, ndipo sindinaiwerengepo pa kapepala.

Chitenje nachonso amachinamizira. Kabuku kokonzekera ulendo kamachitcha nsalu ya makolo a Amalawi. Pitani mu Taifa Market mukafunse komwe nsaluzo zachokera. Dzina la msikawo likukuuzani kale: zambiri zimalowera ku Tanzania, ndipo zina mwa izo zinadindidwa ku China kapena ku India. Amayi athu akamati chitenje cha Java sakulakwitsa. Kadindidwe kameneka kanachokera ku batik ya pachilumba cha Java ku Indonesia, ndipo makampani a ku Netherlands monga Vlisco anakatengera n'kuyamba kugulitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1800. Fakitale yathu ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe inkaveka dziko lino, inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, pa nthawi yomwe kaunjika anali atadzaza kale misika. Chitenje ndi chathu ndithu, koma chinakhala chathu chifukwa cha zomwe amayi anachita nacho: kuberekera mwana, kufunda pamaliro, kumangira ndalama pangodya, kuvala chofanana pachinkhoswe. Mlembi yemwe wangoti nsalu ya makolo wataya mbiri yodutsa nyanja zitatu, ndipo wabisanso chinthu chofunika pa thumba la mayi uja. Nsalu, zipi, ulusi ndi singano zambiri zimachokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zonsezi unalumpha. Kodi ndalama yomwe amalandira pa chikwama chimodzi inalumpha nawo? Funso limeneli ndi lomwe lili pamtima pa wosoka, ndipo m'makalata opempha ndalama aja simulipeza.

Pa chilankhulo ndiye pamandiseketsa. Tsamba lomaliza la kabuku kaja limakhala ndi mawu khumi a Chichewa: moni, muli bwanji, zikomo. Volontiya amaloweza m'ndege, n'kukafika ku Ekwendeni kapena ku Enukweni komwe agogo amuyankha kuti monire, yewo chomene. Ku Chintheche amva Chitonga, ku Karonga Kyangonde. Inde Chichewa chimamveka mu Mzuzu, inenso ndikulemba m'Chichewa chomwechi. Koma wa kumpoto aliyense amadziwa kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, n'kudzabwereranso mu 1994, ndipo nkhani imeneyi sinazizire m'mitima ya akuluakulu. Kabuku kosadziwa zimenezi kakukonzekeretsa munthu ulendo wa ku dziko lina lotchedwa Africa, komwe aliyense amalankhula zofanana. Ndipo amayi akamakambirana za mtengo, za yemwe wasoka mokhotakhota, za ndalama ya gulu yomwe yasowa, amatero m'chilankhulo cha kunyumba. Mlendo amangomva nyimbo yomulandira.

Nkhani ya mlendo wodzaphunzitsa mayi wa kuno kusoka ndi yakale kuposa Instagram. Ku Khondowe, komwe Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia mu 1894, anyamata ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku, atsikana n'kumaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusamala pakhomo. Nthawi ya Kamuzu kunabwera alangizi a ntchito zapakhomo, kenako CCAM mu 1985. Lero ndi mabungwe. Zaka zoposa 100 mayi wa ku Malawi ali m'kalasi yoyamba ya zosokasoka, sakhoza mayeso, samaliza sukulu. Pena pake munthu umafunsa kuti kodi wosakhoza ndi wophunzira, kapena ndi nkhaniyo yomwe imafuna kuti iye akhalebe wophunzira kuti mphunzitsi apeze chobwerera?

Ena anadandaulapo kale. Mu 1968 Ivan Illich anauza achinyamata a ku America omwe ankakonzekera kukathandiza m'midzi ya ku Mexico kuti zolinga zabwino pazokha sizithandiza munthu, ndipo kuli bwino apite kukaona ndi kukaphunzira. Binyavanga Wainaina wa ku Kenya anaseka kalembedwe konseka mu How to Write About Africa, yomwe inatuluka m'magazini ya Granta mu 2005. Koma pali njira inanso yolakwira, ndipo chitsanzo chake ndi Paul Theroux. Iyeyu anabwera kuno ndi Peace Corps mu 1963, anaphunzitsa ku Soche Hill, n'kuthamangitsidwa mu 1965 pa nkhani za ndale. Mu The Lower River, buku lake la 2012, Ellis Hock, yemwe anali volontiya ali mnyamata, akubwerera ku mudzi wa ku Lower Shire atakalamba, ndipo akupeza sukulu yake itagwa, anthu akungofuna kumudyera ndalama mpaka kumusandutsa mkaidi. Bukuli limagwira mtima, Theroux amadziwa kuluka nkhani, ndipo ambiri amaliyamikira kuti linanena zoona zowawa za thandizo. Ine ndimaliona ngati kapepala komwe kaja atakatembenuza. Uku Amalawi ndi angelo omwetulira, uku ndi akathyali. Konsekonse nkhani ndi ya mtima wa mlendo, ndipo amayi a m'bukuli, Gala ndi Zizi, alipo kuti amukumbutse unyamata wake kapena amupulumutse.

Tsono wina anena kuti: aise, iwe ukulemba uli pa foni, bandulo uli nayo. Mayi uja akufuna fizi ya mwana. Ngati nkhani yomvetsa chisoni ikugulitsa chikwama, vuto lili pati? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Msika wakunja ndi weniweni, ndipo alendo ena atseguladi zitseko. Ku Likoma kuli malo otchedwa Katundu komwe amapanga nyali zolendewera ndi zokongoletsa zina kuchokera ku mikanda ndi magalasi a mabotolo otayidwa, ndipo katundu wawo amafika m'mahotela akutali. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nthawi zina amaona chomwe ife tachizolowera.

Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Chisoni chimagula kamodzi. Munthu wogula chifukwa cha chisoni wachita mbali yake, mtima wapepuka, chaka chamawa chisoni chake chili ku dziko lina komwe kwagwa chivomezi. Wogula chifukwa msoko ndi wowongoka, zipi siifa, mitundu yagwirizana, ameneyo amabweranso ndipo amatuma mnzake. Komanso pali mtengo womwe mayi amalipira osaudziwa. Umasiye wake, matenda ake, nthawi zina ngakhale zotsatira za kuchipatala, zaikidwa pa intaneti pamodzi ndi nkhope yake, m'chilankhulo chomwe sawerenga. Mwana wake ali ku Mzuni, ali ndi foni ngati yanuyi. Tsiku lina adzazipeza.

Njira ina ilipo, ndipo inayesedwa. Michael Cardew, woumba wa ku England, anapita ku Nigeria kukatsegula malo ophunzitsira kuumba ku Abuja yakale, yomwe lero ndi Suleja. Kunyumba ya mfumu ya kumeneko anaona mitsuko yomwe inamuimitsa mutu, ndipo anafunsa funso lomwe kapepala kathu sikafunsa: waumba ndani? Anali Ladi Kwali, mayi yemwe anaphunzira kuumba kwa azakhali ake. Analowa pamalopo mu 1954, anaphunzira njira zatsopano, koma zojambula zake za abuluzi, nsomba ndi ng'ona sanazisiye. Anakaonetsa luso lake ku Ulaya ndi ku America, ndipo lero chithunzi chake chili pa ndalama ya 20 naira, akuumba. Esther Mahlangu wa ku South Africa anatenga zojambula za pakhoma za Amandebele n'kuzipenta pa galimoto ya BMW mu 1991, ndipo dziko limamudziwa ndi dzina lake lonse. Ku Rwanda, Janet Nkubana ndi m'bale wake Joy Ndungutse anasonkhanitsa amayi oluka timadengu ta agaseke pambuyo pa kuphana kwa 1994, ndipo kampani yawo ya Gahaya Links inayamba kugulitsa m'masitolo a Macy's ku America mu 2005. Nkhani ya chisoni inalipo, yoopsa kuposa yathu, ndipo inathandiza kugulitsa. Koma eni kampani anali Anyarwanda, ndipo dengu lililonse linkayenera kufika pa muyezo. Agaseke ali pa chizindikiro cha boma la Rwanda. Munthu wopita kumeneko ndi maganizo okaphunzitsa kuluka akachita manyazi tsiku loyamba.

Ndiye kwa inu amene mukulongedza, kaya mukubwera kuno kaya mukuchoka kuno kupita kwina, kukonzekera kwenikweni sikuli mu sutikesi. Dziwani chomwe amayiwo amapanga, dzina lake m'chilankhulo chawo, zipangizo zimachokera kuti, chimodzi chimatenga masiku angati. Yesani kuchipanga nokha musananyamuke, manja akawawa ulemu umabwera wokha. Funsani bungwe lomwe likukutumizani kuti pa ndalama yomwe wogula amalipira, yofika m'manja mwa wopanga ndi ingati, ndipo amalandira liti, katundu akaperekedwa kapena akagulidwa. Likazemba funsoli, mwadziwa kale kanthu. Werengerani mtengo wa tikiti yanu, muone kuti ikanagula makina osokera angati, kenako mudzifunse modekha chomwe mwanyamula choposa makinawo. Mwina chilipo: mumatha kulemba mabuku a ndalama, kujambula katundu bwino, kuwerengera mtengo osaiwala nthawi ya wopanga, kudzaza mapepala otumizira katundu kunja. Ngati ndi choncho, funsaninso kuti mukachoka adzapitiriza ndani, poti tsamba la Instagram lomwe pasiwedi yake inakwera ndege limodzi ndi mwini wake taziona zambiri. Safunsa anadya phula.

Ndipo mukafika polemba, poti mudzalemba ndithu, tonse timalemba masiku ano, yesani muyeso uwu. Kodi zomwe mwalembazo mungaziwerenge mokweza, m'chilankhulo chake, mayiyo ali pomwepo ndi anzake a m'gulu? Ngati pali chiganizo chomwe mungachidumphe, chichotseni. Mutchuleni monga amamutchulira anthu omulemekeza, ndipo mufunseni ngati akufuna dzina lake lituluke. Lembani chomwe amachita bwino kuposa anzake, poti m'gulu lililonse muli katswiri ndipo muli wongoyesa, monganso alembi. Ngati msoko wakhota, nenani kuti wakhota. Munthu amene ntchito yake sitingaidzudzule ndiye kuti sitinayambe kuiona ngati ntchito.

Ifenso olemba a kuno tili ndi ngongole. Timalemba ndemanga za mabuku, za nyimbo, za mafilimu, koma ndani analembapo ndemanga ya mkeka, kunena kuti uwu walukidwa mothina, mitundu yake ikuyankhulana, uwo wachita changu? Ndani akudziwa dzina la mayi woumba bwino kwambiri m'boma la Mzimba kapena la Rumphi? Alipo, ndipo ogula a m'dera lake amamudziwa, amadikira mitsuko yake. Malo omwe ife tawasiya opanda kanthu ndi omwe kapepala kaja kadzaza. Loweruka likubwerali msika uli pompo, foni muli nayo, ndipo funso la Cardew silifuna viza: waumba ndani?